Tisanagule masensa m'Chigwa cha Shire, tidziwe amene adzawasamale

A Mkonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa nkhani ya masensa, tizipangizo tija toyeza madzi, kutentha kapena magetsi n'kutumiza tokha uthenga pa netiweki. Mawuwa ayamba kumveka m'misonkhano ya chitukuko ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo ena akuwatchula ngati mankhwala a matenda onse. Ife ntchito yathu ndi ya mipope, sola ndi zoyezera, ndipo tikuvomereza kuti tizipangizoti tingapulumutse madzi, katemera, ngakhale miyoyo. Koma chigwa chino chili ndi khalidwe lake. Sensa yoikidwa mosaganizira kutentha kwa ku Ngabu, matope a mtsinje wa Mwanza ndi ziphaliwali za mu Disembala imafa mvula isanathe, ndipo chowawa n'chakuti imafa mwakachetechete, anthu akuganiza kuti ikuwalondera.

Chipangizo chotere chili ndi mbali zinayi: koyezera, kakompyuta kakang'ono kowerenga ndi kusunga manambala, kotumizira uthenga, ndi magetsi ake, omwe kuno amakhala sola ndi batire. Pa zinayizi, koyezerako ndi kumene sikuvuta kawirikawiri. Zimene zimapha ntchito ndi batire, SIM khadi, ndiponso mbali yachisanu imene ogulitsa saitchula, ndiye munthu wolandira uthenga amene akudziwa chochita nawo.

Tiyambe ndi mitsinje, pakuti ndi imene imatilanda tulo. Madzi amene amasesa midzi ya kuno nthawi zambiri si a mvula yogwa kuno. Ruo amatsika nawo kuchokera ku Mulanje n'kudzakumana ndi Shire pa Chiromo, ndipo akadzaza amatsekereza Shire, madzi n'kubwerera m'dambo la Elephant Marsh ndi ku Makhanga. Nkhate, Livunzu ndi Likhubula amagwa kuchokera ku zitunda za kum'mawa, Mwanza ndi Nkombedzi akudzera kumadzulo. Tinaziona mu Januwale 2015, pa namondwe wa Idai mu 2019, pa namondwe wa Ana mu Januwale 2022 pamene damu la Kapichira linaonongeka, ndi pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Madzi saiwala khwawa. Ndiye sensa yochenjeza anthu a kumunsi malo ake ndi kumtunda, kumene madzi amadutsa maola angapo asanafike pamudzi. Yoikidwa pa mlatho wa pamudzi pomwepo imangokuuzani zimene mapazi anu akudziwa kale.

Zoyezera kuya kwa mtsinje zilipo mitundu itatu, ndipo kusankha molakwika ndiye kutaya ndalama. Yoyamba ndi yomiza m'madzi, imene imamva kulemera kwa madzi amene ali pamwamba pake. Iyi ndi yabwino m'thanki ndi m'chitsime, koma m'mitsinje yathu ya mchenga imakwiririka, kabowo kake kamatsekeka ndi matope, ndipo chingwe chake chimadulidwa ndi zitsa zokokoloka. Yachiwiri imapachikidwa pansi pa mlatho n'kumaponya kaphokoso kosamveka ndi khutu, kenaka imawerenga nthawi imene kaphokosoko katenga kuti kagunde madzi n'kubwerera. Ndi yotsika mtengo, n'chifukwa chake ambiri amaithamangira. Vuto lake n'lakuti liwiro la phokoso limasintha ndi kutentha kwa mpweya. Pa madigiri 20 phokoso limayenda mamita 343 pa sekondi, pa madigiri 40 limayenda pafupifupi mamita 355. Sensa yopachikidwa mamita 6 pamwamba pa madzi, ngati siikonza kusiyanaku, masana a mu Novembala idzanena kuti madzi akwera ndi masentimita 20 pomwe mtsinje sunasunthe. Zina zili ndi choyezera kutentha m'kati kuti zidzikonze zokha, koma bokosi likapsa ndi dzuwa choyezeracho chimawerenga kutentha kwa bokosi osati kwa mpweya, ndiye sensa imalakwira mbali yoopsa, n'kumanena kuti madzi ali pansi kuposa pamene ali. Mankhwala ake ndi mthunzi: kadenga koyera pamwamba, mphepo izidutsa pakati. Yachitatu ndi ya radar, yoponya mafunde a wailesi m'malo mwa phokoso, imene kutentha sikuisokoneza. Mtengo wake ndi wokwera, koma pa milatho ikuluikulu monga wa Kamuzu pa Chikwawa, ife sitingalangize china.

Poika, sensa iloze pansi chindunji, italikirane ndi mzati wa mlatho ndi mita imodzi kapena kuposerapo kuti isamawerenge konkire, ndipo ikhale pamwamba pa chizindikiro cha madzi a 2023, osati pa mlingo wa zaka wamba. Funsani akuluakulu a pamalopo pamene madzi anafika; amaloza pamtengo kapena pakhoma osaphonya. Pambali pake pakhale thabwa loyezera lopakidwa utoto wobiriwira, wachikasu ndi wofiira, ngati amene makomiti a m'midzi oona za ngozi amagwiritsa kale ntchito m'malo ena. Thabwalo ndilo mboni. Kamodzi pa sabata munthu awerenge thabwa n'kufananitsa ndi nambala ya sensa, ndipo zikasiyana ndi masentimita oposa 5, wina apite akaone. Kumbukiraninso kuti mitsinje yathu imadzaza mchenga chaka ndi chaka. Mlingo umene unali wachikasu zaka zitatu zapitazo ukhoza kukhala wofiira lero, chifukwa mtsinje wakwera pansi. Mvula ikatha, milingoyo iyezedwenso.

Kakompyuta kaja kauzidwe zinthu zitatu. M'chilimwe kaziyeza mphindi 15 zilizonse, koma madzi akafika pachikasu kaziyeza mphindi 5 zilizonse. Kasaimbe belu ndi nambala imodzi yokha, chifukwa chipika kapena mulu wa namasupuni ukadutsa pansi pake umaoneka ngati madzi akwera. Kadikire manambala atatu otsatizana. Ndipo kasamangoyang'ana pamene madzi afika, kaziyang'ananso liwiro limene akukwerera, pakuti mtsinje wa m'zitunda umene wakwera theka la mita m'mphindi 30 ndi woopsa ngakhale usanafike pofiira. Manambala enieni a malo aliwonse apezedwe pamalopo pamodzi ndi a zamadzi, osati kukopera a mtsinje wina.

Pali lamulo limodzi limene tikupempha kuti lilembedwe ndi zilembo zikuluzikulu m'ofesi iliyonse yolandira mauthengawa: sensa ikangoti zii nthawi ya mvula, limenelonso ndi chenjezo. Chipangizo chizitumiza kauthenga kosonyeza kuti chili moyo ngakhale palibe chachilendo, ndipo pakapita ola lathunthu osamveka, wolandira aimbire foni munthu wa pafupi ndi mtsinjewo. Nthawi zina sensa imaleka kulankhula chifukwa madzi omwewo aitenga.

Choyezera mvula n'chosavuta. Chili ndi fanulo ndi kasupuni kopendekeka kamene kamagwa mbali ina kakadzaza, ndipo kugwa kulikonse ndi mamilimita 0.2. Adani ake ndi mavu omanga zisa za dothi m'kabowo, akangaude, ndi zitosi za mbalame. Kuchiyesa n'kophweka: ngati kukamwa kwa fanulo ndi masikweya sentimita 200, mamililita 4 a madzi amagwetsa kasupuni kamodzi, ndiye mukathira mamililita 400 pang'onopang'ono muyenera kuwerenga maulendo pafupifupi 100. Chitani zimenezi mu Okutobala, mvula isanayambe.

Tsopano za madzi akumwa, kumene phindu la masensa limaoneka msanga ngakhale chaka chopanda chigumula. Zipatala zing'onozing'ono, sukulu zogonera ndi misika yambiri ya m'chigwa muno ili ndi mjigo wa pampu ya sola ndi thanki pa nsanja. Sensa yomiza ija, ikaikidwa pansi pa thanki, imaulula zinthu zimene maso saona. Tengani thanki yozungulira yotambalala mamita 2. Sentimita imodzi ya madzi m'thanki yotere ndi malita 31. Pakati pa 1 koloko ndi 4 koloko usiku palibe wotunga, ndipo pampu ya sola siikugwira. Madzi akatsika ndi masentimita 6 m'maola atatu amenewo, ndiye kuti lita imodzi ikutayika mphindi iliyonse, malita pafupifupi 1,500 pa tsiku, zidebe 75 za malita 20. Kuti mupeze podontha, tsekani mavavu a nthambi imodziimodzi usiku uliwonse n'kuona usiku umene madzi aleka kutsika. Kawirikawiri wolakwa ndi thanki ya chimbudzi chogejemula imene mpira wake sukutseka, kapena polumikizira paipi pamene anakwirira mosazama ndipo ng'ombe ndi ngolo zimapondapo. Njira yomweyi ingathandize a Southern Region Water Board m'matauni monga Nchalo ndi Ngabu, poika mamita pa nthambi zikuluzikulu n'kuona madzi amene akuyenda usiku anthu atagona.

Pampu nayonso imafuna mlonda wake. Kachipangizo ka mawaya awiri koikidwa m'chitsime, theka la mita kapena mita imodzi pamwamba pa pampu, kamaizimitsa madzi akatsika, chifukwa pampu yomiza imazizira ndi madzi omwe ikupopawo ndipo ikayenda youma imapsa. Kachipangizoka mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi pampu, koma n'kamene amisiri ofuna kupulumutsa ndalama amayamba kusiya. Palinso nkhani ya mchere. Aliyense wa ku Chikwawa amadziwa mijigo imene madzi ake salowa kukhosi ndipo sopo sachita thovu. Madzi a mchere amadutsitsa magetsi mosavuta kuposa madzi abwino, ndiye pali sensa yoyeza zimenezo. Nambala yake ikamakwera mwezi ndi mwezi, makamaka kuyambira Seputembala, n'kutheka kuti mukupopa mopyola muyezo ndipo mukukoka madzi a mchere kuchokera pansi kapena m'mbali. Chepetsani maola opopa chitsime chisanaonongeke. Sensa imeneyi imachita ndere ndi zokanirira za mchere, choncho itsukidwe mwezi uliwonse ndi kuyesedwa m'madzi oyesera amene amagulidwa pamodzi nayo.

M'nyumba, pamene tingayambire ndi firiji ya katemera. Katemera amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Anthu amaopa kutentha kokha, koma akatemera ena, monga wa kafumbata, amaonongeka akaundana, ndipo botolo limaoneka bwinobwino. Zoyezera zovomerezeka zimachenjeza kuzizira kukatsika pansi pa madigiri -0.5 kwa ola limodzi, kapena kutentha kukapyola madigiri 8 kwa maola 10. Kuno maola 10 ndi ambiri. Uthenga woyamba upite kwa wosamalira firiji pakangotha ola limodzi kapena awiri, kuti akhale ndi mpata wosamutsira katemera m'mabokosi ozizira. Kamutu ka sensa kakhale pakati pa mabokosi a katemera, kosakhudza khoma la firiji ndiponso kutali ndi chitseko. Mukakaika pafupi ndi chitseko kazingolira nthawi iliyonse namwino akatsegula, ndipo pakatha sabata aliyense amaleka kuwerenga mauthengawo. Belu lolira pachabe limapha chenjezo kuposa belu losalira.

Za kutentha m'makalasi ndi m'mawodi, masensa sangazizire chipinda, koma angathetse mkangano. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kunja kumapyola madigiri 40, ndipo pansi pa malata opanda siling'i kumaposa pamenepo. Ena amati pakani malata utoto woyera, ena amati ikani siling'i, ena amati tsegulani mipata pamwamba pa khoma kuti mpweya wotentha uzituluka. Musatsutsane pakamwa. Tengani zipinda zofanana za sukulu imodzi, m'chilichonse muike tizoyezera tiwiri, kena pamlingo wa mutu wa mwana atakhala pansi, kena pafupi ndi denga, ndipo kamodzi kakhale panja pamthunzi. Yezani masabata awiri musanasinthe kanthu, sinthani chinthu chimodzi m'chipinda chilichonse n'kusiya chimodzi momwe chilili, yezaninso masabata awiri. Khonsolo ikatero idzadziwa njira imene ikutsitsa madigiri ambiri pa kwacha iliyonse, isanamange midadada ina makumi awiri yofanana ndi uvuni. Chipinda chosungira mankhwala chiyezedwenso, popeza mapaketi ambiri amalembedwa kuti asungidwe posapyola madigiri 25 kapena 30.

Magetsi a sola a m'misewu ya m'misika tingowatchula mwachidule. Ambiri amazima chifukwa cha batire, nyale ili bwinobwino. Batire ya asidi ya mavoti 12 ikadzaza n'kupuma imawerenga pafupifupi 12.7, ndipo ikafika cha pa 12.1 ndiye kuti yatsala theka. Imene ikupezeka pansi pa pamenepo m'mawa uliwonse ili paulendo. Kachipangizo kotumiza nambala imeneyi kamodzi pa tsiku kangauze khonsolo mzati wofunika kupukuta fumbi pa sola kapena kuchepetsa kuwala pakati pa usiku, batire isanafe.

Apa ndi pamene mwambi uja umagwira, wakuti walira mvula walira matope. Wofuna masensa wafunanso ntchito yowasamala, ndipo m'chigwa muno ntchitoyo imayamba ndi kutentha. Mabatire a asidi amapangidwa moganizira madigiri 25, ndipo moyo wake umadulidwa pakati kutentha kukakwera ndi madigiri 8 mpaka 10. Batire yolembedwa zaka zinayi, ikakhala m'bokosi lachitsulo lakuda padzuwa la ku Bangula, musadabwe ikatha chaka chimodzi. Bokosi likhale loyera, likhale ndi denga lachiwiri losiya mpata wa masentimita 5, ndipo ngati n'kotheka lipachikidwe pamthunzi wa pansi pa sola. Mabatire a lithiamu a mtundu wa LiFePO4 amapirira bwinoko, komabe nawonso sakonda kutchajidwa ali otentha. Mawaya alowe m'bokosi kudzera pansi, apindidwe kaye ngati chilembo cha U kuti madzi a mvula azidontha asanafike pabowo, ndipo kabowo kopumira katsekedwe ndi sefa yopyapyala, apo ayi nyerere zimanga mudzi pa kakompyuta. Pa mzati uliwonse pakhale ndodo ya kopa yokhomedwa pansi mita imodzi ndi theka kapena kuposa, ndi chotetezera ku chiphaliwali pa waya aliyense wautali.

Sola ya mawati 10 kapena 20 ndi yokwana pa sensa imodzi, ndipo kuchepa kwakeko n'kwabwino chifukwa siikopa akuba ngati yaikulu. Imangidwe ndi maliveti, osati mabawuti omasuka ndi sipanala. Komabe chitetezo chenicheni ndi anyakwawa ndi anthu awo. Chipangizo chimene chinafika pa galimoto n'kupachikidwa popanda kuuza mfumu, mudzi umachiona ngati cha eni ake akutali. Chimene anthu anauzidwa kuti n'chimene chidzadzutse abale awo a kumunsi usiku, amachilondera okha.

Za netiweki anthu amaopa mtengo wa data, koma si pamene pali vuto. Mauthenga 96 pa tsiku, uliwonse osapitirira kilobaiti imodzi, ndi ma MB atatu pa mwezi. Chimene chimachitika n'chakuti SIM khadi inalembetsedwa m'dzina la wogwira ntchito amene anasamutsidwa, bandulo inatha pa 30 ndipo palibe amene anapatsidwa udindo wogula ina, kapena nambala inatsekedwa chifukwa yakhalitsa osaikamo mayunitsi. SIM ilembetsedwe m'dzina la ofesi, ilipiridwe chaka chonse, ndipo pa malo ofunika kwambiri pakhale ziwiri, ya TNM ndi ya Airtel. Chenjezo lizipita pa SMS, osati pa WhatsApp pokha, chifukwa SMS imadutsa ngakhale netiweki ili yofooka ndipo imafika pa kafoni ka mabatani. Kumbukirani kuti namondwe amagwetsa mapolo a magetsi ndi kudula misewu yopititsira dizilo ku nsanja za mafoni, ndiye netiweki imasowa tsiku lomwelo limene ikufunika. Pa chifukwa chimenechi, pakati pa sensa ya kumtunda ndi mudzi wa kumunsi n'kwanzeru kuikapo kawailesi ka LoRa, kamene kamadya magetsi ochepa, sikafuna SIM, ndipo pamalo a chidikha ngati athu kamafika makilomita angapo ngati mlongoti uli pamwamba. Kawailesiko kaziliza sayilini pamudzi mwachindunji. Kuchokera pamenepo ntchito ndi ya wenzulo, ng'oma, chimkuzamawu ndi achinyamata a njinga, monga kale.

Uthenga wokhawo ulembedwe m'Chichewa ndi m'Chisena, ndipo unene chochita. Mayi wa ku Makhanga akalandira manambala a mamita pa 2 koloko usiku, palibe chimene mwamuuza. Uthenga unene dzina la mtsinje, mtundu wa chenjezo, ndi malo okwera amene mudzi unagwirizana kale kuthawirako. Mndandanda wa olandira uunikidwe chaka chilichonse mu Okutobala, chifukwa manambala a foni amasintha, mamembala a komiti amasamuka, ena amamwalira. Pa tsiku lomwelo sayilini iyesedwe anthu atauzidwiratu.

Pempho lathu kwa makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje, a DoDMA (nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi), a zanyengo, ndi mabungwe amene amabweretsa zipangizozi n'lakuti zinthu zingapo zilembedwe m'pangano la kugula ndalama isanatuluke. Manambala onse oyezedwa akhale a khonsolo ndipo azitha kutsitsidwa pa kompyuta wamba, pakuti zipangizo zambiri zimatumiza ku kompyuta ya kampani kunja kwa dziko, ndipo pulojekiti ikatha, malipiro a pachaka akaleka, chitseko chimatsekedwa sensa ikadali yamoyo. Mapasiwedi aperekedwe kwa anthu awiri a khonsolo, olembedwa papepala. Pa masensa 10 aliwonse pakhale awiri apadera m'sitolo, ndi mabatire, mafyuzi ndi mawaya ake. Amisiri a m'boma lomwelo, ngakhale anyamata okonza mafoni ndi sola pa Nchalo ndi pa Nsanje boma, aphunzitsidwe kusintha batire ndi kuyesa sensa, kuti pasamadikiridwe munthu wochokera ku Blantyre pamene msewu wa Thabwa waduka. Ndipo ndalama ya mafuta a njinga yamoto yoyendera malo aliwonse kamodzi pa mwezi, ndi kawiri pa mwezi kuyambira Disembala mpaka Epulo, ikhale mu bajeti ya zaka zitatu. Ngati ndalama ikukwana masensa 30 opanda zonsezi, gulani 12 okhala nazo, muyambire pa Ruo, Mwanza ndi mitsinje ya tsidya la kum'mawa, ndipo ntchito yoika ithe mwezi wa Okutobala usanathe.

Ndife,
Amisiri a zamadzi ndi zamagetsi a sola,
Nchalo, Chikwawa